Tsiku lathunthu pa kanjanji ka m'paki

Bambo a Tadala, Leicester:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, koma zimene ndaona Lamlungu lapitali sindingathe kuzisunga ndekha. Ndinakagwira ntchito kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pa kanjanji kakang'ono ka m'paki ina kuno ku Midlands, ku England. Sindinalandire ndalama iliyonse ndipo palibe anandituma. Mwina ena munatiwonapo tisitima timeneti. Kamutu kake kamalekeza m'mawondo, anthu amakhala chotang'adza pa timabogi monga timakhalira pa kabaza, koma kamayenda ndi moto weniweni, malasha enieni ndi nthunzi yeniyeni.

Chiyambi chake n'chakuti mwezi wa August ndinapita ndi Tadala kuti akakwere. Titatsika, mwanayo anakana kuchoka pamene panaima kamutuko. Mdala wina woyendetsa, wazaka zoposa 70, anamutsegulira kachitseko ka ng'anjo kuti aone moto. Ine fungo la malasha ndi oyilo wotentha litandilowa m'mphuno ndinangoti zii, chifukwa ndi mmene ovolosi ya agogo anga aamuna inkanunkhira. Iwo anali wosonkhezera moto m'mitu ya sitima ku Limbe m'masiku a sitima za malasha. Ndinawauza mdalayo zimenezi. Anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti ngati ndili mdzukulu wa munthu wa ntchito imeneyo, ndibwere tsiku lina ndidzagwire fosholo.

NaPhiri, Manchester:
Zikomo Bambo a Tadala, pitirizani tikumvetsera. Anyamata anga awiriwa nkhani ya sitima ndiye sagona nayo.

Bambo a Tadala, Leicester:
Fosholo sindinaigwire msanga ayi. Ntchito yoyamba inali kuyenda wapansi kuzungulira njanji yonse tisanatulutse sitima iliyonse. Tinali atatu, wina ndi tsache, wina ndi sipanala, ine ndi wilibala ya miyala ya kwale. Umayang'ana ngati pagwera nthambi, ngati ana anaika miyala pa njanji, ngati mabawuti a pa mfundo zolumikizira zitsulo akhwepa. Pamalo pena mvula inakokolola miyala pansi pa timitanda, ndiye njanji inkati ukaiponda n'kumadinkha. Tinagwada n'kumasinjirira kwale pansi pake mpaka inalimba. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo ndi mainchi 7¼ basi, kungoposa pang'ono masentimita 18. Kuti muyerekeze bwino, njanji yathu ya ku Malawi mpata wake ndi mamilimita 1,067, pamene ya sitima zikuluzikulu za kuno ndi 1,435. Pa kanjanji kochepa chotero, kamwala kangati mtedza kakhoza kugwetsa bogi.

Kenako kuyatsa moto. Apa ndiye ndinaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayamba ndi makala wamba oviikidwa m'parafini, ngati tikuyatsa mbaula. Pamwamba pa chumuni amaika kafani ka batire kuti kazikoka mpweya, popeza boila, thanki yowiritsira madzi kuti apange nthunzi, ikakhala yozizira moto sungakoke wokha. Makala akayaka bwino m'pamene amayamba kuthira malasha pang'onopang'ono, ndi kafosholo kangati supuni yopakulira ndiwo. Muvi wa geji yoonetsa mphamvu ya nthunzi umakhala phee kwa nthawi yaitali, kenako umayamba kukwawa. Ukafika cha pa 30 amachotsa kafani kaja, chifukwa tsopano nthunzi ya mutuwo ikhoza kukoka moto wake womwe. Zinatitengera mphindi pafupifupi 40 kuti valavu yachitetezo, yotulutsa nthunzi ikachuluka, ipume koyamba, muvi uli pafupi ndi 100. Nthawi yonseyi ine ndinali ndi kachitini ka oyilo, mdala uja akundilozera paliponse pamene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake.

Masana anandipatsa wenzulo ndi mbendera kuti ndikhale gadi kumbuyo kwa sitima. Ndinkaonetsetsa kuti aliyense waika mapazi pa thabwa, palibe woimirira, palibe wotambasula dzanja kuti athyole masamba. Ndikakhutira ndimaimba wenzulo, woyendetsa n'kuyankha ndi kulira kwa mutu, ulendo n'kuyamba. Ndinazungulira mpaka kusiya kuwerenga.

Malume a ku Luton:
Bambo a Tadala, ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti mtima wanu wasangalala. Koma ndiloleni ndilankhule monga mkulu wanu. Inu mumagwira mashifiti a maola 12 kusamalira okalamba. Tsiku limodzi lopuma limene muli nalo mwakalipereka kwa anthu amene ali kale ndi penshoni ndi nyumba zawozawo. Lamlunguli mukanatenga shifiti, ndalama yake ikanagula matumba a feteleza kumudzi, ndipo mvula ili pafupi. Ife kuno sitinabwere kudzacheza. Aliyense wa ife ali ndi anthu khumi kumbuyo amene amayang'ana foni tsiku la malipiro.

Chachiwiri chimene chikundivuta mumtima ndi ichi. Agogo anga a ku Chiradzulu anagwira thangata m'minda ya azungu, miyezi yathunthu popanda malipiro, kungoti alole kukhala pa nthaka imene makolo awo anabadwirapo. Ndi limodzi mwa madandaulo amene anadzutsa John Chilembwe mu 1915, ndipo mchitidwewo unapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ndiye ndikamva kuti mwana wa ku Malawi wagwada pansi kusinjirira miyala pa njanji ya mzungu popanda malipiro, thupi langa limachita tsembwe. Sindikunyoza ayi. Ndikunena mmene zikundikhudzira.

Yankho, Glasgow:
Ankolo a ku Luton anena zimene ndimafuna kufunsa koma ndimachita manyazi.

Bambo a Tadala, Leicester:
Malume, mawu anu ndawalandira ndi manja awiri, ndipo za feteleza ndi zoona. Loweruka usiku ndinawerengera ndalama ya shifitiyo, mayi a Tadala n'kuiwerengeranso. Sizinali zophweka.

Koma za thangata ndikupempha tisiyanitse. Thangata anali ndi mwini munda amene ankalemera ndi thukuta la agogo athu, ndipo wokana ankagwetseredwa nyumba. Pa kanjanji aka palibe mwini. Ndi kalabu, ndipo aliyense amene ndinamuona, kuyambira wapampando mpaka mayi wogulitsa matikiti, salandira kanthu. Amachita kusonkha okha ndalama ya umembala chaka ndi chaka. Ndalama ya matikiti imagula malasha, penti, zitsulo ndi inshuwalansi. Amene anagwada pambali panga pa kwale paja anali dokotala wa mano wopuma pantchito, mawondo ake akuwawa kuposa anga. Ndipo 12 koloko ndikanati ndatopa ndikupita, palibe akanandigwira dzanja.

Komanso kwathu ntchito yosalipidwa sitinaiphunzire kwa azungu. Adzukulu akamakumba manda amalandira zingati? Amayi akamagona pa siwa mausiku awiri? Sukulu ya pulayimale imene ndinaphunzira ine njerwa zake anaumba ndi makolo athu. Mawu akuti thangata enieniwo poyamba ankatanthauza kuthandizana, eni minda aja ndi amene anawaipitsa.

Malume a ku Luton:
Adzukulu amakumba manda a mbale wawo, podziwa kuti mawa adzawakumbira iwo. Njerwa zija zinamanga sukulu ya ana athu omwe. Anthu a m'pakiwo adzakuchitirani chiyani inu tsiku la mavuto?

Anambewe, Nottingham:
Achimwene a ku Luton, ndiloleni ndiyankheko ine, popeza ndine mwana wa njanji. Ndinabadwira ku Bulawayo, ku Sizinda, kumene kunkakhala antchito a njanji, ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kukathera moyo wawo wonse m'mashedi a sitima. Chichewa chimene ndikulemba pano ndinachiphunzira kumeneko. Ku Centenary Park mumzindamo kunali kasitima kakang'ono konyamula ana, ndipo tsiku limene bambo anatitengera kumeneko ndimalikumbuka kuposa Khirisimasi iliyonse. Iwo sanakwere. Anaima pafupi ndi kamutu kaja manja kumbuyo, kukayang'anitsitsa ngati dokotala.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti bambo anamwalira ndi nzeru zawo zonse m'manja. Ankatha kumva ndi khutu lokha kuti mutu uwu ukudwala pati. Palibe mmodzi wa ife ana asanu ndi awiri amene anawafunsa kanthu, tinkaona ngati ndi ntchito yamwaye, yoti munthu wophunzira aithawe. Lero ndikapita ku nyumba yosungira zakale za njanji ku Bulawayo ndimaona mitu ija itangoti duu, yozizira, ndipo palibe wondiuza kuti chitsulo ichi chinkagwira ntchito yanji.

Ndiye funso lanu lakuti adzawachitira chiyani Bambo a Tadala, ine ndikuti ayamba kale kuwachitira. Akuwapatsa chimene agogo awo sanapeze mpata wowapatsa. Ku koleji zimenezo akanalipira.

NaPhiri, Manchester:
Mayi Anambewe mwandiliza. Bambo anga anali mmisiri wa matabwa ku Ndirande, zipangizo zawo tinagulitsa sabata yomweyo ya maliro.

Koma Bambo a Tadala tiuzeni zoona zake, anakulandirani bwanji? Malo oterewa ine ndimaopa, umalowa n'kupeza munthu wakuda ndiwe wekha, onse n'kusiya kulankhula.

Bambo a Tadala, Leicester:
Achemwali, sindikubisirani, wakuda ndinali ndekha, ndipo mwina ndinali wachiwiri kapena wachitatu kwa wamng'ono pa onse, ine wazaka 41. Nditalowa m'kanyumba kawo m'mawa kunali kachetechete ndithu. Mkulu wina sanandiyankhe moni, ndipo nditagwira nsanza kuti ndipukute mutu wa sitima yake anandiletsa mwaukali. Mtima unandiuza kuti ndibwerere. Pambuyo pake ndinamva kuti mutuwo anaupanga yekha m'galaja mwake kwa zaka zoposa khumi, chitsulo chimodzichimodzi, ndipo salola aliyense kuukhudza, ngakhale anzake a zaka makumi atatu. Kaya panalinso china mumtima mwake, mwini wake ndiye akudziwa.

Chimene chinasintha zinthu chinachitika cha m'ma 2 koloko. Bambo wina wokwera anapendekera kunja kuti ajambule mwana wake pa foni tili pokhota. Ndinaona phewa lake likutuluka, ndinakuwa n'kuimba wenzulo mwamphamvu, woyendetsa n'kumanga mabuleki. Mateyala akutsogolo a bogi lawo anali atachoka kale pa njanji, koma popeza tinali titatsala pang'ono kuima palibe anagwa kapena kuvulala. Timabogi timeneti n'topepuka kuposa anthu amene timanyamula, ndiye munthu wamkulu mmodzi akapendekeka, kulemera konse kumapita mbali imodzi. Tinatsitsa anthu, awiri tinanyamula bogi n'kulibwezera, anayeza njanji, n'kulemba zonse m'buku lawo. Woyendetsa ulendo umenewo anali mkulu uja wosayankha moni. Nthawi ya tiyi anabwera yekha ndi kapu n'kundipatsa, osanena zambiri, kungoti ndinaona msanga. Madzulo anandiitana kuti ndimuthandize kugwetsa moto ndi kutsuka mapaipi a mutu wake womwe uja.

Angoni a ku Joni:
Moni kuchokera kuno kumwera. Ine ndine wowotcherera zitsulo, ndiye nkhani iyi yandigwira pena. Kunonso ziliko, ku Wemmer Pan mu Johannesburg muno kuli kalabu ya tisitima ta nthunzi, ina ili ku Centurion. Ndinapitako ndi ana koma sindinafunse zambiri. Funso langa ndi la boila. Chinthu chokhala ndi nthunzi yamphamvu chotero, chopangidwa ndi munthu m'galaja, chili pakati pa miyendo ya woyendetsa ndipo kumbuyo kuli ana. Amadziwa bwanji kuti sichiphulika?

Bambo a Tadala, Leicester:
Achimwene, funso lomwelo ndinafunsa ine. Anandionetsa pepala la mutu uliwonse, ndipo wopanda pepala sayatsidwa moto pamaso pa anthu. Maboila ang'onoang'ono ambiri ndi a kopa, olumikizidwa ndi mtovu wa siliva, akuluakulu ndi achitsulo chowotcherera. Poyesa amadzaza boila ndi madzi ozizira mpaka osatsala mpweya, n'kupopa kuti mphamvu yake ipose imene imagwira ntchito masiku onse. Amagwiritsa madzi chifukwa madzi sapanikizika, ndiye ngati pali pofooka pamangodontha, pamene nthunzi ikanaphulitsa. Kupatula apo, chaka ndi chaka amayatsa moto pamaso pa woyesa kuti aone ngati valavu yachitetezo ikutsegukadi pa muyeso wake. Ndipo mwini boila sadziyesera yekha.

Koma mdala wanga anati choopsa chenicheni si chitsulo, ndi munthu woiwala madzi. Kutsogolo kwa woyendetsa kuli kagalasi koonetsa pamene madzi alekeza m'boila. Denga la ng'anjo liyenera kukhala lomira nthawi zonse, likangouma moto umalifewetsa. Choncho diso limakhala pa kagalasiko kuposa pa njanji. Njira zothirira madzi zimakhala zosachepera ziwiri kuti ina ikakana ina igwire. Pali pampu ya m'manja, ndipo pali kachipangizo kotchedwa injector, kochepa ngati chala chachikulu, kopanda chilichonse chozungulira mkati. Kamatenga nthunzi ya m'boila n'kukankhira nayo madzi ozizira kulowa m'boila momwemo. Anakatulukira Mfalansa wina, Henri Giffard, mu 1858. Anandifotokozera katatu ndipo mutu wanga sunagwirebe bwinobwino, koma ndinakaona kakugwira ntchito, kakuimba ngati mbalame.

Angoni a ku Joni:
Kuyesa ndi madziko ndikukudziwa, ndi mmenenso timayesera matanki kuntchito. Apo ndakhutira. Mwezi wamawa ndikawafunsa a kuno ngati akufuna munthu wodziwa kuwotcherera.

Mayi a Chisomo, Ashford:
Ndachedwa kulowa, ndinali ku shifiti. Amene mukuganiza kuti izi ndi zidole chabe, bwerani kuno ku Kent mudzaone Romney, Hythe and Dymchurch Railway. Mpata wa njanji yake ndi mainchi 15, ndipo imayenda mamailosi 13 ndi theka, pafupifupi makilomita 22, kuchokera ku Hythe mpaka ku Dungeness m'mphepete mwa nyanja. Inatsegulidwa mu 1927. Anaiganiza anali anthu awiri olemera okonda mpikisano wa magalimoto, Captain Howey ndi Count Zborowski, koma Zborowski anafa pa mpikisano ku Monza mu 1924 asanaione. Mitu iwiri yoyamba, Green Goddess ndi Northern Chief, inapangidwa mu 1925 ku Colchester, ndipo kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mutu weniweni. Umakhala m'kati mwa bogi lokhala ndi denga ndi mawindo, sitima ikuthamanga ndithu m'madambo a nkhosa.

Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti inagwirapo ntchito zenizeni. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali anailanda n'kuyendetsapo kasitima kokutidwa ndi zitsulo, kokhala ndi mfuti. Ndipo kwa zaka zambiri, mpaka 2015, inkanyamula ana a sukulu m'mawa ndi madzulo kupita ku New Romney. Kumeneko kuli antchito olipidwa, koma mavolontiya ndi ambiri ndithu, m'masiteshoni ndi pokonza njanji.

NaPhiri, kwa inu kufupi ndi ku Cumbria, Ravenglass and Eskdale Railway, nayonso ya mainchi 15, mamailosi 7 kulowa m'mapiri. Inayamba mu 1875 ngati njanji yonyamula miyala ya chitsulo, anadzaichepetsa mu 1915. Mu 1960 inatsala pang'ono kuphwasulidwa, anthu oikonda ndi amene anasonkha n'kuigula. Kuli mutu wina, River Irt, wa mu 1894, ukuyendabe.

NaPhiri, Manchester:
Wa mu 1894 ukuyendabe! Pasaka ikubwerayi tipita, ndalemba kale.

Yankho, Glasgow:
Ankolo Bambo a Tadala, ine ndikuphunzira za uinjiniya koma chiyambireni sindinagwirepo makina osemera zitsulo a lathe kupitirira maola awiri, zonse ndi pa kompyuta. Zimene mukunenazi ndikuzifuna kwambiri. Nkhawa yanga ndi viza. Ife ophunzira timaloledwa maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo ndimawamaliza kale ku ntchito ya m'sitolo. Kodi kudzipereka kotereku amakuwerengera pa maola amenewo?

Mayi a Chisomo, Ashford:
Yankho mwanawe, apa usamale. Malamulo a kuno amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene mayina ake amafanana. Pali kudzipereka kumene umapita mwa kufuna kwako, popanda mgwirizano wokumanga, osalandira kanthu kupatula mwina kubwezeredwa ya basi. Ndiye pali ntchito yosalipidwa koma yokhala ndi maola oikika amene uyenera kukwaniritsa, kapena imene umalandirapo zinthu zina m'malo mwa ndalama. Yachiwiriyi ndi imene imalowa pa maola 20 aja. Usanayambe, pita ku ofesi yoona za ophunzira akunja pa yunivesite yako, uwafotokozere ndendende zimene uzikachita, ndipo yankho lawo akulembere pa imelo. Viza si yoseweretsa.

Yankho, Glasgow:
Zikomo anti, ndipita Lachiwiri.

Aphunzitsi a ku Balaka:
Moni nonse a kunja. Ine ndikuwerenga ndili pakhonde, ndipo njanji yeniyeni ili chapafupi pompa. Nkhani yanu yandipatsa chimwemwe ndi chisoni pamodzi. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha ndipo sitima inafika ku Salima. Ya ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, ku Lilongwe inafika mu 1979. Mbiri yonseyi tili nayo, koma ana anga a Sitandade 7 akamaphunzira za nthunzi ndimachita kujambula ketulo pa bolodi. Mutu wakale wa malasha ulipo panja pa nyumba ya zakale ku Chichiri, koma ndi wozizira, ndipo ana ambiri a kuno sanafikeko n'komwe ku Blantyre. Chimene amaona ndi sitima zazitali za malasha a ku Moatize zodutsa pa Nkaya kupita ku Nacala, zokokedwa ndi mitu ya dizilo.

Koma amisiri tili nawo. Mnyamata wina m'kalasi mwanga anapanga lole ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala, masipuling'i ndi chitseko chotseguka, zonse ndi pulayala yobwereka. Kusiyana kwa iye ndi mkulu wa m'galaja uja n'kwakuti winayo anapeza lathe ndi munthu womuonetsa. Wangayu akamaliza Sitandade 8 mwina adzakhala pa kabaza. Sindikunena kuti timange kanjanji ku Balaka, tili ndi mavuto oposa amenewo. Ndikungopempha kuti Bambo a Tadala, mukadzapitanso, mundijambulire kanema wamfupi kuyambira poyatsa moto mpaka pamene mateyala ayamba kuzungulira, mukufotokoza m'Chichewa. Ndidzawaonetsa pa foni yanga, magulu a ana khumikhumi.

Bambo a Tadala, Leicester:
Aphunzitsi, chimenecho ndichita, ndipo ndikapempha mdala wanga kuti atsegule kutsogolo kwa boila kuti ana aone mapaipi amene moto umadutsamo. Za malasha mwatchulazo, kunonso ndi nkhani yaikulu. Malasha abwino a sitima ankachokera ku Wales, koma mgodi wa Ffos-y-fran kufupi ndi Merthyr Tydfil unatsekedwa mu November 2023. Tsopano akugula ochokera kunja kapena oumbidwa ku fakitale, ndipo nthawi ya tiyi theka la macheza linali lakuti awa amatulutsa phulusa lambiri, awa amamata pa zitsulo za ng'anjo. Nkhawa yawo ina ndi ya anthu. Anandiuza kuti mwambo wopulumutsa njanji ndi manja a mavolontiya unayambira ku Talyllyn ku Wales mu 1951, ndipo ambiri a iwo analowa ali anyamata amene anaona sitima za malasha zikugwira ntchito. M'badwo umenewo ukutha. Chaka chino chokha kalabu yawo yaika maliro awiri. Mdala wanga anandionetsa mutu wina wokutidwa ndi lona pakona, mwini wake anamwalira asanaumalize, ndipo ana ake sakuufuna.

Malume a ku Luton:
Ndakhala chete ndikuwerenga. Mayi Anambewe, mawu anu andifika. Za thangata ndabweza, ndaona kuti pamenepa palibe amene akudyerapo. Koma za ndalama sindibweza. Ndaona anthu athu ambiri kuno akudwala chifukwa chosapuma, ndipo ndaonanso mabanja akumudzi akugona ndi njala chifukwa wa kunja waiwala chimene anapitira. Bambo a Tadala, ngati muzipita, muzipita kamodzi pa mwezi, ndipo mayi a Tadala avomereze ndi mtima wonse, osati chifukwa chokuopani. Ndipo muzipita ndi mwanayo. Ngati nzeruzo zikathera mwa inu nokha ndiye kuti shifiti ija yangotayika.

Bambo a Tadala, Leicester:
Malume, ndamva. Kamodzi pa mwezi ndi mmenenso tinagwirizanirana kunyumba. Tadala amaloledwa kubwera bola ndikhale naye ine nthawi zonse, ndipo anamulonjeza ntchito yoboola matikiti. Ndinafika kunyumba msana ukuwawa, mwaye uli m'zikhadabo mpaka Lachitatu, koma ndinagona tulo timene sindinagonepo chibwerereni kuno zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kuntchito ndimasamalira okalamba amene sangathenso kudzigwirira supuni. Lamlungu ndinali ndi okalamba amene amandiphunzitsa ine, ndipo zinandichiritsa penapake.

Mu December amayendetsa sitima za Khirisimasi za ana, ndipo anati masiku amenewo anthu amachuluka moti manja amawachepera, makamaka pokweza ndi kutsitsa anthu ndi kukhitchini. Amene ali pafupi ndipo akufuna kuyesa tsiku limodzi andilembere kumbali, ndikawadziwitse pasadakhale. Muvale nsapato zolimba zotseka zala, zovala za thonje zimene simudandaula zikada, osati za nayiloni chifukwa tizimoto timathetheka kuchokera m'chumuni. Mutenge chakudya chanu, tiyi yekha ndiye aliko.

Anambewe, Nottingham:
Ine mundilembe. Mawondo sangandilole kugwada pa kwale, koma matikiti ndi ketulo ndingathe. Ndili ndi chithunzi cha bambo ataima pa mutu wa sitima yawo ku Bulawayo, ndidzabwera nacho kuti mdala wanuyo adzandiuze kuti unali mtundu wanji.

NaPhiri, Manchester:
Ife atatu tibwera ngati okwera kaye. Ndidzaphika mandasi a gulu lonse, mundiuze kuti mumakhala angati.

Bambo a Tadala, Leicester:
Timakhala pafupifupi 15, koma a Khirisimasi mwina 20. Mayi Anambewe, ndidzakutengani pa siteshoni ya Leicester 7:30, chifukwa kuyendera njanji kumayamba 8 koloko. Aphunzitsi, nditumizireni mafunso a ana anu lisanafike Lachisanu kuti ndidzawayankhe m'kanema momwemo.

Aphunzitsi a ku Balaka:
Ndiwafunsa mawa m'mawa. Mnyamata wa lole ya mawaya uja ndikudziwa kale kuti adzafunsa mmene sitima imakhotera popanda chiwongolero.